Momwe mungapezere ma watt oyenera koyilo ya vape yokulunga nokha

Koyilo, waya wozungulizidwa amene amatenthetsa madzi a vape, mwaikulunga bwinobwino, thonje mwalowetsa, madzi mwathira. Mukangokoka kamodzi, kukhosi kwayaka, mkamwa monse mwadzaza fungo la thonje lopserera. Ena vuto lawo ndi lina: makina akungobwata, nthunzi ikutuluka yochepa ndiponso yozizira, timadontho totentha tikudumphira pa lilime. Zikatere ambiri amathamangira kunena kuti anawagulitsa waya wachinyengo kapena kuti madziwo ndi oipa. Kawirikawiri waya amakhala alibe mlandu. Chalakwika ndi ma watt, muyezo wa mphamvu yopita ku koyilo, amene aikidwa pa sikirini.

Kuno ku Dedza zipangizozi zimatipeza movutikira. Wina amakagula ku Lilongwe, wina amatumiziridwa ndi m'bale wake wa ku Joni, ndipo zikafika womufunsa amasowa. Ndiye munthu amangosuzumira pa makina a mnzake, waona 60, nayenso waika 60. Komatu nambala imeneyo ndi ya koyilo ya mnzakeyo, batire lake, thonje lake ndi kakokedwe kake. Yanu muyenera kuipeza nokha, ndipo njira yake ilipo. Batire ndi limene limakuuzani posayenera kudutsa. Kukula kwa waya kumakuuzani poyambira. Zikatero mumakwera pang'onopang'ono mpaka pamene pakukomerani.

Ndikulembera akuluakulu amene anali kale pa fodya ndipo anasankha vape. Nikotini akalowa m'thupi savuta kuzolowera koma amavuta kusiya, ndipo nthunzi ya vape si mpweya wabwino wamba. Ngati simusuta, musayambe chifukwa cha zimene zalembedwa pano. Ana, achinyamata osakwana zaka 18 ndi amayi oyembekezera zisawayandikire.

## Zofunika kukhala nazo

- Makina amene ma watt ake amasinthika, okhala ndi sikirini yoonetsa ma watt ndi ma ohm (muyezo wa momwe waya amakanizira magetsi kudutsa).
- Mabatire a saizi ya 18650 kapena 21700 amene mukudziwa dzina lake lenileni ndi ma amp ake, pamodzi ndi kabokosi ka pulasitiki kosungiramo.
- Chaja yapadera ya mabatirewo.
- RDA (chapamwamba chomangiramo koyilo, chodonthetsera madzi pa thonje) kapena RTA (chokhala ndi thanki ya madzi) yotsukidwa bwino, masikuluwu ake onse ali bwino.
- Waya wa Kanthal A1, Ni80 kapena SS316L, wolembedwa saizi yake pa chikulungo.
- Kachitsulo kokulungirapo ka mamilimita 2.5 kapena 3. Biti ya drilo ya saizi imeneyo imagwira bwino lomwe.
- Pulayala yodulira waya, sizasi yakuthwa, kasikuludiraiva, ndi kapanira ka ceramic.
- Thonje lopangidwira vape, osati lochokera mu pilo kapena lopukutira kumaso lomwe lili ndi mafuta onunkhira.
- Foni yowerengera masamu, kope ndi cholembera.

Choyezera ma ohm chapadera chikapezeka ndi bwino kwambiri. Multimeter ngati ya okonza mafoni imathandiza, koma yotchipa imasokera pa ma ohm ochepera 1 chifukwa zingwe zake zomwe zili ndi ma ohm akeake. Yambani mwagunditsa nsonga ziwirizo, muone nambala imene yatuluka, ndiye muichotsere pa ya koyilo.

## 1. Yambani ndi batire, mudziwe malire anu

Apa ndi pamene ndikupemphani kuti mudekhe kuposa pena paliponse. Thonje likapsa mumangosintha. Batire likaphulika limatentha dzanja ndi nkhope.

Batire limakhala ndi manambala awiri amene anthu amawasokoneza. Ya mAh imanena kuchuluka kwa magetsi amene lasunga, kutanthauza kuti likhala nthawi yaitali bwanji lisanathe. Ya CDR imanena ma amp amene lingatulutse mosalekeza popanda kutentha mopitirira. Pa nkhani ya ma watt, yofunika ndi yachiwiriyi. Samsung 25R ndi ya 2500 mAh ndi ma amp 20. Samsung 30Q ndi ya 3000 mAh koma ma amp 15 okha. Mwaona kuti limene limakhalitsa ndi limene lili ndi mphamvu yochepa yotulutsa nthawi imodzi.

Werengerani chonchi: ma amp a batire, muchulukitse ndi 3.2, kenako muchulukitse ndi 0.9.

Batire la ma amp 20 likupatsani ma watt pafupifupi 57. La ma amp 15 likupatsani 43. Ngati makina anu amalowa mabatire awiri ofanana, yankho muchulukitse ndi 2. Nambala imeneyi ilembeni m'kope, ndiyo malire anu ngakhale makina atalembedwa kuti amafika 100 kapena 200.

Chifukwa chake ndi ichi. Batire lodzaza limakhala pa ma volt 4.2, ndipo likamatha limatsika mpaka cha m'ma 3.2 pamene makina ambiri amakana kuyaka. Kuti ma watt amene mwaika asatsike, makina amakoka ma amp ochuluka pamene ma volt achepa. Choncho batire limavutika kwambiri likatsala pang'ono kutha, ndipo masamu athu ayenera kukhala a nthawi imeneyo. Ya 0.9 ija ndi ya mphamvu imene imatayika mkati mwa makinamo.

Chenjezo: mabatire a mu tochi, ochotsa mu laputopu yakale kapena mu power bank amaoneka ofanana ndi a vape ndipo amalowa bwinobwino, koma ambiri anapangidwira kutulutsa ma amp ochepa. Musawaike. Batire la 18650 lolembedwa 6800 kapena 9900 mAh ndi labodza, chifukwa enieni amathera cha m'ma 3500 kapena kupitirirako pang'ono. Limene dzina lake simukulidziwa, ma amp akenso simukuwadziwa, ndiye palibe masamu amene mungachite nalo.

Yang'ananinso kapulasitiki kokuta batire. Thupi lonse lachitsulo la batire ndi negative, positive ndi kansonga ka pamwamba kokha. Kapulasitiki kakang'ambika chakumwamba, kapena kamphete koteteza kakasowa, chitsulo chilichonse chikhoza kulumikiza mbali ziwirizo. Batire lotero lisalowe m'makina mpaka litakutidwanso. Selotepi si yankho.

## 2. Dziwani waya amene muli naye

Kanthal A1 ndi wosakaniza wa chitsulo, chromium ndi aluminiyamu. Amatentha mochedwerako koma ndi wolimba ndipo savuta kukulunga, ndiye woyenera woyamba kumene. Ni80 ali ndi magawo 80 a nickel ndi 20 a chromium, ma ohm ake ndi ochepa kuposa Kanthal wa saizi yomweyo ndipo amatentha msanga. Ngati khungu lanu limadana ndi nickel, musiyeni. SS316L ma ohm ake amakwera akamatentha, choncho musadabwe kuona nambala ikusuntha pang'ono pa sikirini.

Saizi ya waya imalembedwa mwa AWG, ndipo nambala ikakula waya amachepa. Wa 28 ndi mamilimita 0.32, wa 26 ndi 0.40, wa 24 ndi 0.51.

Chenjezo: Ni200 ndi titanium ndi mawaya a makina oyeza kutentha okha. Musawagwiritse ntchito pa ma watt wamba ndipo musawayatse mpaka kufiira. Waya wa mu mbaula yamagetsi, mu ayironi kapena wina aliyense wongotola, simukudziwa zimene anasakanizamo, ndipo zimenezo ndi zimene muzipumira m'mapapo.

## 3. Mangani koyilo ndipo yezani ma ohm

Zungulizani waya pa kachitsulo molimba, mizere igundane kapena italikirane mofanana. Lowetsani miyendo ya koyilo pa timizati ta mu RDA kapena RTA, mangani masikuluwu, dulani zotsala mpaka pafupi penipeni. Koyilo ikhale pakati, moyang'anizana ndi bowo la mpweya, osagunda pansi kapena m'mbali.

Yezani ma ohm kawiri, koyamba chivindikiro chili chochotsa, kachiwiri mutavindikira. Nambala ikasintha mukavindikira ndiye kuti koyilo kapena kansonga ka mwendo kakugunda chivindikiro. Ikamadumphadumpha, sikuluwu ina siinamange. Makina akalemba kuti pali shoti, musaumirire kudina batani, chotsani mufufuze.

Kuti mudziwe ngati zimene mwayeza zili zomveka, nazi zitsanzo za Kanthal A1, miyendo yake yaifupi:

- Wa 28, mizere 7 pa mamilimita 2.5: pafupifupi ma ohm 1.2
- Wa 26, mizere 7 pa mamilimita 2.5: pafupifupi ma ohm 0.8
- Wa 24, mizere 6 pa mamilimita 3: pafupifupi ma ohm 0.5

Makoyilo awiri ofanana amagawa ma ohm pakati. Awiri a 0.5 aonetsa cha m'ma 0.25. Zanu zikasiyana kwambiri ndi izi, penapake palakwika, kaya wayayo si amene walembedwa pa chikulungo.

## 4. Werengerani poyambira

Ambiri anamva kuti ma ohm akachepa ma watt azichuluka, ndipo amathera pomwepo. Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, koma amasocheretsa. Pa makina osinthika ma watt, chimene chimalamula ndi kuchuluka kwa chitsulo chimene mukufuna kutenthetsa ndi kukula kwa malo amene akukhudza thonje lonyowa. Moto umene umawiritsa kampoto ka tiyi sungapsetse nsima mu mphika wa pa maliro, ndipo wa pa mphika waukuluwo ungapsereze kampoto kaja.

Taonani izi. Koyilo imodzi ya Ni80 wa 26, mizere 7, imaonetsa ma ohm pafupifupi 0.6. Makoyilo awiri a Kanthal wa 28, mizere 7 iliyonse, amaonetsanso pafupifupi 0.6. Sikirini ikunena zofanana, koma awiriwo ali ndi waya wochuluka ndipo amafuna ma watt ambiri kuposa imodzi ija. Komanso Kanthal wa 26 ndi Ni80 wa 26 okulungidwa mofanana amasiyana ma ohm, wina 0.8 wina 0.6, koma ma watt amene amafuna ndi oyandikana chifukwa kukula kwawo ndi kumodzi.

Ndiye werengerani kukula kwa koyiloyo. Titenge Kanthal wa 26, mizere 7 pa mamilimita 2.5.

Choyamba, kutalika kwa waya wozungulizidwa. Phatikizani kukula kwa kachitsulo ndi kunenepa kwa waya: 2.5 ndi 0.4 zikwana 2.9. Chulukitsani ndi 3.14, kenako ndi mizere 7. Mupeza mamilimita pafupifupi 64.

Chachiwiri, malo onse a kunja kwa wayayo. Chulukitsani 64 ndi 0.4, kenako ndi 3.14. Mupeza pafupifupi 80.

Chachitatu, chulukitsani 80 ndi 0.15. Yankho ndi 12. Amenewo ndi ma watt oyambira.

Mukachita chimodzimodzi ndi wa 28 uja mupeza cha m'ma 9, ndipo wa 24 pa mamilimita 3 mupeza cha m'ma 16. Makoyilo akakhala awiri, chulukitsani ndi 2. Kumwamba kwake, mukachulukitsa ndi 0.3 m'malo mwa 0.15 mupeza ma watt amene waya wamba amayambira kuvuta pokhapokha mpweya uli wambiri ndipo thonje likumwa bwino. Kwa wa 26 ndi cha m'ma 24, kwa wa 24 ndi cha m'ma 32. Nambala yanu ili penapake pakati pa ziwirizi.

Masamu awa ndi a waya wamba wozungulira. Clapton ndi ena opotana ali ndi chitsulo chambiri, amachedwa kutentha ndipo amafuna ma watt ochulukirapo. Kwa amenewo yambirani pa nambala yotsika imene yalembedwa pa paketi.

Chenjezo: bwererani ku nambala ya batire ija. Ngati koyilo yanu ikufuna ma watt 60 pamene batire lanu ndi limodzi la ma amp 15, vuto si ma watt ayi, koyiloyo ndi yaikulu kuposa batire. Kulungani ina ya waya wocheperako. Ineyo ndimaona kuti munthu wa batire limodzi amapindula kwambiri ndi koyilo imodzi ya 26 kapena 28. Madzi sathera msanga, batire limafika madzulo, ndipo magetsi akazima tsiku lonse simukhala ndi nkhawa.

## 5. Yatsani koyilo thonje lisanalowe

Ikani ma watt otsika, 10 mpaka 15 kwa koyilo imodzi, 20 mpaka 25 kwa awiri. Zimitsani nyali kapena khalani pa mthunzi kuti muone bwino. Dinani batani pang'ono, siyani, dinaninso, osaligwira nthawi yaitali. Koyilo yabwino imayamba kufiira pakati, kufiirako n'kumafalikira kumapeto konse mofanana.

Mukaona kadontho kowala kwambiri pa mzere umodzi, kapena mwendo ukufiira koyilo isanafiire, siyani batani. Palani mizereyo mopepuka ndi kapanira ka ceramic, kapena ifinyeni pang'ono, muyesenso. Kadontho kameneko kakatsala kadzapsereza thonje ngakhale ma watt atakhala oyenera, ndipo inu mudzangotsitsatsitsa osapeza mtendere. Makoyilo awiri ayenera kufiira nthawi imodzi. Ina ikamatsogola, miyendo yawo yasiyana kutalika kapena sikuluwu ina yalekerera.

Chenjezo: musakhudze koyilo ndi chitsulo batani lili lodina. Musaiyatse mpaka kuwala moyera, kufiira kwa makala n'kokwanira, makamaka kwa SS316L ndi Ni80. Ikazizira, mangitsaninso masikuluwu chifukwa kutentha kumawamasula, kenako yezaninso ma ohm.

## 6. Thonje ndi madzi

Ma watt oyenera sapezeka pa thonje loikidwa molakwika. Likhale loti mukalikoka mkati mwa koyilo mukumva kuti likugwira, koma osakoka koyiloyo. Likathina kwambiri madzi amalephera kudutsa ndipo pakati pamauma. Likalekerera, koyilo imatentha pamalo opanda thonje ndipo madzi amathetheka. Michira yake ipesedwe pang'ono kuti ipepuke, ndipo pa RTA ingotseka mabowo a madzi osaikanikizamo.

Donthetserani madzi mpaka thonje lonse lanyowa, palibe poyera. Pa RTA dzazani thanki mudikire mphindi zisanu.

## 7. Kwerani pang'onopang'ono

Ikani nambala yoyambira ija. Mpweya utsegulidwe momwe mumakondera kukoka, ndipo musausinthenso mpaka mutamaliza, chifukwa mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Kokani kwa masekondi awiri kapena atatu. Dikirani masekondi 20 kapena 30 kuti thonje limwenso. Chitani katatu kapena kanayi musanaweruze. Kenako onjezerani watt imodzi ngati koyilo ndi yaing'ono, awiri kapena atatu ngati ndi yaikulu, asanu ngati ali awiri akuluakulu.

Ma watt akachepa mudziwa ndi izi: mukadina batani pamapita kanthawi musanamve kulira, nthunzi ndi yozizira, kukoma kwake kuli patali, ndipo madzi amabwata m'malo mosanduka nthunzi. Akafika poyenera, koyilo imayankha sekondi isanathe, imalira mofanana osathetheka, nthunzi imakhala yofunda, ndipo zimene zinalembedwa pa botolo mumazimvadi mkamwa. Akapitirira, poyamwira pamatentha milomo, kutsekemera kumasanduka kuwawa kwa shuga wopserera, kukhosi kumakanda, ndipo mukatsegula mupeza thonje la pafupi ndi koyilo layera chifukwa chouma.

Musadikire kuti lipse. Mukangomva chizindikiro choyamba cha kupitirira, bwererani ndi ma watt awiri kapena atatu. Pamenepo yesani kukoka katatu motsatizana momwe mumachitira mukakhala pa macheza. Kachitatu kakamveka kouma, tsitsaninso pang'ono. Nambala yabwino ndi imene imapirira kakokedwe kanu ka tsiku ndi tsiku, osati imene inakoma kamodzi mutadikira nthawi yaitali.

Chenjezo: kukoka kouma si nkhani ya kukoma kokha. Madzi a vape amapangidwa ndi PG (propylene glycol, yopepuka) ndi VG (vegetable glycerin, yolemera), ndipo zikatentha mopitirira zimatulutsa formaldehyde ndi acrolein, zomwe zimawononga njira za mpweya. Mukamva fungo lopserera, lekani pomwepo. Thonje likapsa fungolo silichoka ngakhale mutathira madzi ochuluka bwanji. Lichotseni muike lina.

Kumbukiraninso kuti ma watt akakwera, nikotini amene mukumeza pa kukoka kumodzi amachulukanso. Madzi a nic salt (mtundu wa nikotini wosakanda kukhosi ngakhale atachuluka) a 20 mg kapena kuposa apangidwira makoyilo ang'onoang'ono a ma watt ochepa. Kwa koyilo ya ma watt 40 kupita m'mwamba, anthu amagwiritsa ntchito a 3 mg kapena 6 mg. Mukamva chizungulire, nseru, mutu kapena mtima kugunda mothamanga, ikani pansi makinawo, mwadutsa muyezo.

## 8. Tsopano sinthani mpweya

Mpweya ndi umene umaziziritsa koyilo. Mukatsegula mabowo kwambiri, nthunzi imazizira ndipo mungathe kuwonjezera ma watt pang'ono. Mukatseka kuti muzikoka mothina ngati ndudu, tsitsani. Amene amakokera mkamwa kaye kenako m'mapapo amakhala bwino ndi koyilo ya 28 kapena 26, cha m'ma watt 10 mpaka 18. Amene amakokera m'mapapo mwachindunji amafuna mabowo otseguka ndi koyilo yaikulupo.

Sunthani mpweya pang'ono, bwerezani zimene munachita pa 7, basi.

## 9. Nyengo ya kuno imasintha nambala yanu

Izi sizilembedwa pa paketi ya waya, koma kwa ife ndi zenizeni. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo aliyense wa kuno, wa ku Bembeke kapena wa ku Tsangano amakudziwa kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi. VG ndi yolemera kale, ndipo ikazizidwa imalemereratu. Tembenuzani botolo la madzi a VG yambiri m'mamawa nkhungu isanachoke, muone momwe kathovu ka mpweya kamakwerera mwaulesi. Mmene kakuchedwera kathovuko ndi mmenenso madzi akuchedwera kulowa mu thonje. Ma watt amene anali bwino mu Okutobala akhoza kupsereza thonje mu Julayi, koyilo ndi madzi zili zomwezo.

Nthawi yozizira tsitsani ma watt awiri kapena atatu m'mawa, ndipo talikitsani nthawi pakati pa kukoka. Michira ya thonje muipepuze kuposa masiku onse. Ngati mungathe, gwiritsani ntchito madzi a PG ndi VG zofanana m'malo mwa a magawo 70 a VG. Makinawo athimitseni, ambiri amathima mukadina batani kasanu, muwaike m'thumba la mkati mwa jekete kuti afunde ndi thupi. Musawaike pafupi ndi mbaula kapena pa moto kuti afunde msanga, muli batire mmenemo.

Mukatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti kapena kunyanja, zimatembenuka. Kutentha kumapepuza madzi, amalowa ochuluka mu deki, pamene pamakhala koyilo, makina n'kumabwata. Pobwerera, mukamakwera phiri, mpweya wa mu thanki umafutukuka n'kukankhira madzi kunja kudzera m'mabowo. Munthu amafika pa Masasa makina akuthetheka, iye n'kuganiza kuti ma watt achepa, n'kuwonjezera. Madzi osefukirawo akangotha, thonje lapsa. Musakhudze ma watt. Pukutani, kutani poyamwira ndi kansalu mukutumule madziwo, mukoke kangapo mopepuka, zibwerera mwakale. Pa ulendo wotero tsekani mabowo a madzi ngati RTA yanu ili nawo.

## 10. Lembani, ndipo mudzayang'anenso

M'kope lembani mtundu wa waya, saizi, mizere, kukula kwa kachitsulo, ma ohm, madzi, ndi ma watt amene mwakhazikikapo. Pakapita masiku awiri kapena atatu tsegulani muone. Thonje lofiirira pang'ono pansi pa koyilo ndi labwinobwino. Lakuda kapena loduka pakati likukuuzani kuti mutsitse kapena muchepetse thonje. Madzi otsekemera kwambiri amasiya utsiru wakuda pa koyilo msanga, ndipo kukoma kukayamba kuzilala, chofunika ndi kuchotsa thonje, kuyatsa koyilo pang'ono, kuitsuka ikazizira ndi kuika thonje latsopano.

## Za makina opanda sikirini

Alipo makina achitsulo chokhachokha, opanda chilichonse choteteza mkati. Pa amenewa simusankha ma watt, koyilo ndi imene imasankha. Ma amp amapezeka pogawa 4.2 ndi ma ohm. Koyilo ya 0.5 imakoka ma amp 8.4, ya 0.3 imakoka 14, ya 0.2 imakoka 21, kumene ndi kudutsa kale batire la ma amp 20. Pakachitika shoti palibe chimene chimadula magetsi. Ngati mukuphunzira kumene kukulunga, ndikukupemphani kuti muwasiye kaye ngakhale wina atakupatsani ulere.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuyambira pamwamba n'kumatsika. Kukoka koyamba komweko kumapsereza thonje, ndiye nambala iliyonse imene muyese pambuyo pake imveka yopserera, ngakhale yoyenera.

Kusiya ma watt a thanki ina. Mwachotsa RDA ya makoyilo awiri imene inali pa 55, mwaika RTA ya koyilo ya 28, mwadina. Yang'anani sikirini nthawi iliyonse mukasintha chapamwamba. Makina ena amafunsa ngati koyilo ndi yatsopano, ayankheni molondola.

Kuchiza vuto la thonje ndi ma watt. Ngati mwatsitsa mpaka pansi pa nambala yoyambira koma kukoka kukumvekabe kouma, ma watt alibe mlandu. Thonje lathina, kapena pali kadontho kotentha kamene simunakachotse pa 5.

Kuwonjezera ma watt batire likamatha. Nthunzi ikachepa madzulo, ena amakweza nambala. Imeneyo ndi nthawi imene batire likuvutika kale. Sinthani batire. Likatentha moti simungaligwire bwino m'manja, ma watt anu apitirira mphamvu yake.

Kusakaniza mabatire. Makina a mabatire awiri amafuna awiri a mtundu umodzi, ogulidwa limodzi, otchajidwa limodzi. Alembeni chizindikiro kuti asasiyane.

Kutchaja usiku wonse osayang'anira. Chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ambiri amasiya chaja pa soketi n'kukagona kuti akabwera izitchaja yokha. Tchajani muli maso, pa simenti kapena pa tebulo lopanda nsalu, osati pa matiresi, ndipo chotsani mabatire akadzaza.

Botolo la madzi pofikira ana. Limanunkhira ngati switi, ndipo nikotini wa mmenemo ndi poizoni kwa mwana. Litsekeni bwino muliike pokhoma. Mwana akamwa, thamangirani naye kuchipatala mutatenga botololo.

Batire lapadera m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Pa kabaza kapena mu minibasi zinthu zimagundana m'thumbamo, kiyi n'kulumikiza positive ndi thupi la batire. Lizikhala m'kabokosi kake nthawi zonse. Batire likayamba kutentha lokha, kufufuma, kulira kapena kutulutsa fungo lachilendo, musaliyang'anitsitse pafupi ndi nkhope ndipo musayese kulipulumutsa. Liponyeni panja pa dothi, kutali ndi udzu, denga laudzu ndi ana, mulisiye mpaka litaziziratu, ndipo lisadzalowenso m'makina kapena mu chaja.